Mlandu wa Ntchentche ku Usisya

Padangokhala!

Tilitonse!

Ku Usisya, kumene mapiri amatsetsereka mpaka kukathera m'nyanja, kunali mudzi wa nyama. Unali kuseri kwa miyala, pataliko pang'ono ndi mchenga umene asodzi amakochezapo mabwato ndi kusokerapo chilimira. Mfumu ya mudziwo inali Nyani, mkulu wa imvi m'masaya, amene chibadwire sanagonepo pamphasa ndi matenda. Akaimirira pabwalo ankadziguguda pachifuwa n'kumati, "Ine ndadyapo zowola, ndamwapo madzi a m'zithaphwi, koma mimba yanga sinandichititsepo manyazi." Nduna zake, Khwangwala ndi Ng'azi, zinkawomba m'manja n'kuvomera kuti, "Yewo, Gogo Chalo."

Mudziwu unali wogwirizana, pamenepo tisawanamizire. Katumbu ankavuula usipa ndi utaka. Akazi a kwa Mbuzi ankaviika chinangwa, kuyanika, kusinja, n'kutakasa nsima ya kondowole. Bakha ankalawirira kukatunga madzi m'mphepete mwa nyanja, pamene khwawa lochokera kuphiri limathirira. Kudya kunali kwa pamodzi, ndipo nsima isanafike pankayamba kufika beseni la madzi. Beseni linali limodzi. Ankayamba kusamba m'manja ndi Gogo Chalo, kenako nduna, kenako abambo, amayi, ndipo ana ankatsiriza, madzi atachita bii. Umenewo ndiwo unali ulemu, ndipo palibe amene anaganizapo zoufunsa.

Chimbudzi cha mfumu chinalipo. Mudzi wonse unakumba, n'kufolera bwino ndi udzu, n'kuikapo chitseko. Koma chinkakhala chotseka, kusungira alendo olemekezeka. Nyani ankati mfumu singalowe m'kanyumba kamene apongozi akuiona ikulowa. Tsono m'bandakucha uliwonse ankakwera kuseri kwa thanthwe lalikulu la pamwamba pa khwawa. Ndipo kumene mfumu yaponda, nduna zimapondanso komweko.

Chaka cha 2022 chinabwera ndi zake. Mu Malichi, namondwe wa Ana atasakaza kale kumwera, kunamveka kuti kolera yabuka ku Machinga. Akuluakulu a ku Usisya anati, "N'kutali kumeneko, komanso kolera ndi matenda a dzinja. Mvula ikatha, nayo itha." Mvula inathadi, koma kolera sinathe. M'chilimwe, fumbi lili kobo, inatulukira m'madoko a boma la Nkhata Bay, pakati pa asodzi.

Woyamba kudwala m'mudzi wa nyama anali mwana wachisamba wa Bakha. M'mawa ankasewera. Dzuwa lili paliwombo anayamba kutsekula m'mimba, ndipo zotulukazo zinali zotuwa ngati madzi otsukira mpunga. Anasanza, miyendo inakokana, maso analowa m'kati, mawu anazilala. Amake anaopa kumumwetsa madzi poganiza kuti akamwa atsekula kwambiri. Poganiza za chipatala chachikulu, anayang'ana kuphiri, kumene msewu wa ku Mzuzu umakwera mokhotakhota, n'kuyang'ananso kunyanja, kumene sitima ya Ilala sinali kuyembekezeka tsiku limenelo. Pofika usiku mwana anali atatsamaya.

Maliro anali aakulu. Amayi amene anasambitsa mtembo anatuluka m'siwa n'kupita kukathandiza kuphika, chifukwa manja anali ochepa. Thobwa linasungunulidwa ndi madzi a kunyanja. Beseni linazungulira monga mwa masiku onse. Asanathe masiku atatu, m'nyumba zina munayamba kumveka kubuula.

Miyezi inapita mudzi ukuika maliro. Ng'azi anati matendawa abwera ndi alendo otsika m'maboti. Ena anati ndi mphepo yoipa imene mwera unasiya. Mango atayamba kupsa, anati ndi mango. Ena ankanong'onezana za ufiti, akuyang'ana cham'mbali nyumba ya Mphaka, poti iye ndi ana ake sankadwala, ngakhale aliyense ankadziwa kuti Mphaka amakwirira zake ndipo sadya pagulu.

Tsiku lina Khwangwala anakuwa kuti, "Ndamuona! Ndamuona ndi maso angawa! Ntchentche anatera pa ndiwo za ana!"

Kangaude anatchera ukonde pakhomo la khitchini, ndipo dzuwa lisanalowe Ntchentche anali atamangidwa miyendo yonse isanu ndi umodzi.

Bwalo linakhala patsinde pa mkuyu, mu Disembala, mitambo itayamba kusonkhana chakunyanja. Khwangwala anakonza kolala yake yoyera ija n'kuyamba kuzenga.

"Gogo Chalo, mlandu suwola. Uyu ali apayu ndi wopanda ulemu. Saitanidwa koma amafika. Sasamba koma amadya. Dzulo ali pa usipa wa pathandala, lero ali pamlomo pa mwana. Ana athu atha chifukwa cha iyeyu."

"Ukutipo chiyani, iwe?" anafunsa Nyani.

"Gogo Chalo, pa ndiwo ndinaterapo, sindikana," anatero Ntchentche ndi mawu onjenjemera. "Pa usipa ndinaterapo. Koma ndikupempha kuti mboni yanga ilankhule."

Bwalo linaseka. Ndani angaikire umboni ntchentche? Koma kuseka kunaduka pamene Nalimata anatsika pathunthu la mkuyu. Onse ankadziwa kuti Nalimata wadya abale ake a Ntchentche osawerengeka.

"Gogo Chalo, ada ndi ama nonse," anayamba Nalimata, "uyu si mnzanga. Mukamumasula lero, mwina mawa ndimudya ndine. Koma ine ndimakhala pakhoma la chipatala, pafupi ndi nyali. Usiku wonse ndimamva zimene achipatala ndi alangizi a zaumoyo amakambirana, ndimamvanso wailesi. Pa 5 Disembala pomwepa, Pulezidenti Lazarus Chakwera walengeza kuti kolera ndi ngozi yogwera dziko lonse. Kodi Ntchentche mmodziyu ndiye wauluka kuyambira ku Nsanje mpaka ku Karonga?"

"Nena zako, usatifunse mafunso," anatero Ng'azi.

"Wakupha ana athu alipo, ada, koma pabwalo pano simungamuone. Ndi kachirombo kosaoneka ndi maso, achipatala amati Vibrio cholerae. Ndi kopindika, kali ndi mchira umodzi wosambirira. Kakalowa pakamwa n'kupulumuka ku ukali wa m'chifu, kamakakhazikika m'matumbo n'kutulutsa poizoni. Poizoniyo amachititsa matumbo kukhuthula madzi ndi mchere wa m'thupi. Wodwala safa ndi bala, amafa ndi kuuma. Kuyambira pamene wameza mpaka pamene wayamba kutsekula pamatha kupita theka la tsiku, mwina mpaka masiku 5. N'chifukwa chake wodya pamaliro Lolemba amagwa Lachitatu, ife n'kumafunafuna chimene wadya Lachitatulo."

"Nanga mphepo ija?" anafunsa mkazi wina wa kwa Mbuzi.

"Ama, si inu oyamba kunamizira mphepo. Ku London nawonso ankati kolera imayenda ndi mpweya wonunkha. M'chaka cha 1854 dokotala wina, John Snow, anatsata maliro khomo ndi khomo, n'kupeza kuti ambiri mwa omwalirawo ankamwa madzi a pa mjigo umodzi wa mu Broad Street. Anauza akuluakulu kuti azule chogwirira cha mjigowo. Chaka chomwecho, ku Italy, Filippo Pacini anakaona kachiromboka ndi galasi lokulitsa zinthu, m'matumbo a anthu amene anafa ndi kolera. Mphepo inalibe mlandu. Mango nawonso alibe mlandu, koma dzanja lotola mango pansi n'kuwadya osatsuka."

Bwalo linali zii. Nalimata ananyambita diso lake n'kupitiriza.

"Ndipo kachiromboka sikali kokha. Kali ndi anzake oyenda njira yomweyo. Kalipo koyambitsa taifodi, kamene kamatenthetsa thupi masabata. Kalipo ka kamwazi, kamene ngakhale tochepa kwambiri timakwana kugwetsa mwana. Kaliponso kena, Salmonella, kamene kamakhala m'mimba mwa nkhuku, abakha, ngakhalenso ife a mtundu wa abuluzi. Ine ndemwe ndimayenda nako, n'chifukwa chake sindiyenera kuyenda pamwamba pa mbale zanu. Tizirombo timeneti timakonda chakudya chofunda chimene chakhalitsa. Kukatentha ngati kuno, tina timadzigawa pawiri mphindi 20 zilizonse. Mkute umene wagona osavundikira, n'kudyedwa m'mawa osautenthetsanso mpaka utuluke nthunzi, usiku wonse umakhala ukuweta adani. Moto umatipha tizirombo timeneti. Sopo amatichotsa. Klorini amatipha m'madzi, mukathira muyezo wake n'kudikira mphindi 30. Koma njira yake yaikulu ndi imodzi, Gogo Chalo, ndipo mundikhululukire kuitchula pamaso pa akuluakulu. Timatuluka ndi chimbudzi cha wina n'kukalowa pakamwa pa wina."

Khwangwala anadumpha. "Mwamva! Wanena yekha! Ndani amanyamula zoipazo kupita nazo pa chakudya? Si uyu?"

"Amanyamuladi," anavomera Nalimata. "Koma timiyendo take mukutiona kuchepa kwake. Chimene iye anganyamule ulendo umodzi, chala chimodzi chosasamba chimanyamula kuchulukitsa. Nanga beseni limene lasambitsa manja a mudzi wonse?"

Apa panamveka kung'ung'udza. Nyani anakhosomola.

"Ukunena beseni la makolo athu?"

"Ndikunena madzi, Gogo Chalo. Dzanja loyamba likasiyamo kanthu, manja onse otsatira amatolamo. Wotsiriza amatola za onse. Taonani amene tawaika m'manda, ambiri ndi ayani?"

Bakha anaweramitsa mutu.

"Woyamba kusamba ndine," anatero Nyani, mawu atakwera. "Ndipo mudzi wonse ukudziwa kuti ine sindinadwalepo. Kodi wosadwala angapatsire mnzake matenda?"

"Yewo, Gogo Chalo!" zinavomera nduna.

Nalimata anakhala kaye chete. Akanatha kubwerera pakhoma lake. Koma anali ataona ana akubwera nawo kuchipatala usiku, ena mochedwa, ndipo zinkamuwawa.

"Achipatala amati ambiri mwa amene ameza kachirombo ka kolera sadwala konse, kapena amangotsekula pang'ono. Amayenda, amaseka, amaweruza milandu. Koma kachirombo kamakhala kakutuluka m'chimbudzi chawo mpaka masiku ngati 10. Wodwala timamuona n'kumusamala. Wamphamvu ndi amene amakafikitsa kutali. Ine sindikuloza chala. Ndingofunsa kuti sabata imene mwana wa ama Bakha anadwala, ndani m'mudzi muno anali atangobwera kumene kuulendo?"

Palibe anayankha. Onse ankakumbukira kuti sabata imeneyo Gogo Chalo anali atangofika kuchokera kumsonkhano wa mafumu kumadoko a kumwera, kumene anadya bwino masiku anayi.

Pamenepo Ntchentche anapempha kulankhula.

"Gogo Chalo, ine ndine wadyera, makolo anga analinso adyera. Koma chimene ndimaponda sindipanga ndine. Ndimachipeza chili poyera. Cha a Mphaka sindinachionepo, amakwirira. M'chimbudzi chovundikira sindilowamo. Ngati bwalo likufuna, ndimasuleni mwendo umodzi, nditsogole, ndikakuonetseni pamene ndimatera m'mawa uliwonse ndisanabwere ku ndiwo. Si patali. A Mbira amakhala pomwepo, anganene ngati ndikunama."

Maso onse anatembenukira kwa Mbira, amene nyumba yake inali m'phanga la pansi pa thanthwe lija. Mbira anayang'ana mfumu, n'kuyang'ana ana ake, n'kuyang'ana pansi.

"Ine ndimadzuka mochedwa," anatero.

Nkhalamba ina kumbuyo inanong'ona kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka, koma inanong'ona motsitsa kwambiri moti anamva ndi oyandikana nayo okha.

Nyani anapita kuseri ndi nduna zake kukapangana. Sanachedweko.

"Bwalo lamva zonse," anatero pobwera. "Woimbidwa mlandu wavomera ndi pakamwa pake kuti anatera pa ndiwo. Mboni yake yavomeranso kuti amanyamula zoipa. Tifuniranji umboni wina? Zopita kukaona malo n'kutaya nthawi, mudzi uli pachisoni. Chigamulo ndi ichi: Ntchentche ndi mtundu wake wonse achoke m'mudzi muno. Asaterenso pa chilichonse cha m'dziko langa, kuyambira kunyanja mpaka kuphiri. Nalimata abwerere kukhoma kwake, ndipo aphunzire kulankhula ndi akulu. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo moto uwu tauzimitsa lero."

Nthungululu zinamveka, ngakhale zinali zochepa. Madzulo kunakonzedwa chakudya chothokoza bwalo. Beseni linabwera. Anasamba Gogo Chalo, zinasamba nduna, anasamba abambo ndi amayi. Litafika kwa ana a Bakha, mayiyo analikankhira pambali. Anatulutsa kachigubu ka madzi owiritsa ndi kachidutswa ka sopo, n'kuyamba kuthirira ana ake mmodzimmodzi, madzi akugwera pansi.

"Ama Bakha, n'chiyani chimenecho?" anafunsa Khwangwala. "Madzi amene asambamo Gogo Chalo akunyansani?"

"Ada, ndaika kale mmodzi," anayankha Bakha. Sanawonjezerepo mawu.

Anamugamula pomwepo chindapusa cha dengu la usipa chifukwa chonyoza mfumu.

Usiku umenewo Bakha anapita kuchipatala, n'kuima kunsi kwa khoma, n'kuitana Nalimata. Anafunsa chimene akanachita tsiku lija. Nalimata sanamubisire. Anamuuza kuti wotsekula m'mimba amafunika kumwa, osati kumanidwa madzi. Anamuuza za paketi ya Thanzi ORS yosungunula mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Paketi ikasowa, lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni aang'ono 6 a shuga osadzaza mpaka kusefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Kumwetsa pang'onopang'ono osalekeza, ngakhale akusanza, uku mukuthamangira kuchipatala kumene kuli diripi. Anamuuzanso kuti odwala kolera akalandira chithandizo msanga, mwa 100 alionse womwalira safika ngakhale mmodzi. Bakha analira kwambiri atamva zimenezo, pozindikira kuti madzi amene anamumana mwana wake ndiwo akanamusunga. Atapukuta misozi anabwerera kwawo, n'kumangira chigubu pamtengo ndi chingwe chopondera, chija amati mpondagiya, pafupi ndi dzenje limene anakumba yekha. Akazi awiri a kwa Mbuzi anabwera kudzaona, ndipo mawa lake anamanga zawo, koma kuseri kwa nyumba, poopa chindapusa.

Ntchentche anamvera chigamulo. M'bandakucha anadutsa pamwamba pa thanthwe lija ndi ana ake, katundu ali kumutu. Pansi panali zambiri, zatsopano ndi zakale, za mfumu ndi za nduna. Ana anati, "Ada, titereko pang'ono, njala." Iye anati, "Ayi, bwalo latiletsa." Anapitirira osaponda, n'kulowera cha ku Ruarwe.

Patapita masiku ochepa mvula inagwa, yamphamvu, usiku wonse. Mbira ali m'phanga anamva madzi akusesa pamwamba pa thanthwe n'kutsikira m'khwawa. Anauza mkazi wake kuti, "Madzi saiwala khwawa." M'mawa khwawa linali litafikitsa zonse pamene mudzi umatunga.

Dzinja limenelo linali lowawa m'Malawi monse. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa. Mu Febuluwale boma linakhazikitsa kampeni ya Tithetse Kolera. Pofika pakati pa chakacho anthu oposa 58,000 anali atadwala, ndipo oposa 1,700 anali atamwalira, mliri wa kolera woopsa kuposa ina yonse imene dziko lino linaonapo. Aliyense mwa iwo anali ndi dzina, ndi mbale yake pakhomo.

M'mudzi wa nyama, mvula ija itangogwa, nyumba zinayi zinagwidwa ndi matendawa pamodzi. Mwana wachiwiri wa Bakha nayenso anatsekula, atamwa madzi kwa anzake. Amake anamumwetsa usiku wonse, kapu ndi kapu, n'kumubereka kupita naye kuchipatala kusanache. Anachira. Kwa Katumbu, kumene ankatsatirabe za beseni, anaika awiri. Pamaliro amenewo panalibe ntchentche ngakhale imodzi, ndipo olira anaona zimenezo, n'kumayang'anana.

Madzulo a tsiku loika, Khwangwala anakwera pamwamba pa mkuyu n'kulengeza.

"Tamverani, mudzi wonse! Atero Gogo Chalo! Zadziwika tsopano kuti Ntchentche sanali yekha, anali ndi mnzake womuthandiza. Mawa bwalo likhalanso. Woimbidwa mlandu ndi Mvula. A Kangaude atchere ukonde waukulu usiku uno. A Nalimata asavutike kubwera, mboni zakwana kale. Ndipo ama Bakha akumbukire dengu la usipa lija, chifukwa bwalo likatha akuluakulu adzafuna kudya."